ZA MATIKITI A SITIMA KU BRITAIN PAMENE NJANJI IRI KUKONZEDWA

Popeza ana athu ambiri akhala ku Britain, ndipo ena a inu mumapitako kukawaona, ndayesa nkwabwino kuti ndikufotokozereni mwambo wa matikiti a sitima za kumeneko, kuti munthu wolemekezeka kwao asacite manyazi pakati pa anthu a eni. Mutu wa mau anga ndi uwu: tikiti sigula malo ofikirako okha ai, igulanso njira yodzeramo.

1. Kale sitima zonse zinali m'manja mwa British Rail. Lamulo la 1993 litagawa nchitoyo kwa makampani ambiri, m'caka ca 1996 kunaturuka buku la njira, dzina lace National Routeing Guide. Tikiti yolembedwa "Any Permitted" siinena kuti mudzere kuli konse mtima ufuna. Ilola njira zitatu: sitima yokafika kumene mupita popanda kusintha, njira yaifupi koposa zonse, ndi njira zina zochulidwa m'bukumo. Kubwerera m'mbuyo ndi kupyola siteshoni imodzi kawiri nkoletsedwa, pokhapokha bukulo litalola. Matikiti ena achula mudzi wodzerako, ena aletsa kudzera ku London, ndipo ya Advance iri ya sitima imodzi yokha pa ora lace.

2. Njanji ziri m'manja mwa Network Rail kuyambira 2002, ndipo nchito zazikuru zokonza azicita makamaka Loweruka ndi Lamulungu, pa Pasaka ndi pa Khirisimasi, masiku omwewo amene ife tikonda kuyendera abale. M'caka ca 2016, kuyambira mwezi wa September, Severn Tunnel, ndiyo njira yoboola pansi pa mtsinje pakati pa England ndi Wales, inatsekedwa milungu 6 poikamo zamagetsi. Sitima za ku London ndi Cardiff zinazungulira ku Gloucester, ndipo anthu ena ananyamulidwa pa mabasi pakati pa Bristol Parkway ndi Newport. Momwemonso mu December 2024, itapita Khirisimasi, siteshoni ya Paddington inatsekedwa masiku 3 cifukwa ca kumanga siteshoni yatsopano ku Old Oak Common, ndipo sitima zina zocokera kumadzulo zinakathera ku Euston.

3. Apa mpamene ambiri asokera. Eni sitima akapatutsa okha sitima yanu, kapena akaika basi m'malo mwace, tikiti yanu igwirabe nchito, ndipo simuonjezera kanthu. Koma inu mukasankha nokha njira yina, pafunika cilolezo cimene iwo alengeza, cochula masiku ace, sitima zace ndi mtundu wa matikiti. Inu Mafumu mlandu wotere muudziwa bwino. Mlatho ukakokoloka, mwini munda akhoza kulola anthu kudzera m'mbali mwa cimanga cace. Koma wolola ndi mwini munda, si wapaulendo ai, ndipo mlatho ukamangidwa cilolezo catha. Amene adzeramo mwezi wamawa, nanena kuti dzana anamlola, mumgamula wolakwa.

4. Wopezeka pa njira yosaloledwa alipira ndalama zoonjezera, kapena agula tikiti yatsopano. Ndiponso ku England, kuyambira January 2023, cindapusa ca woyenda wopanda tikiti yoyenera ndico mapaundi 100 pamwamba pa mtengo wa ulendowo. Cicepa kufikira mapaundi 50 akalipira asanathe masiku 21.

Cifukwa cace ndipempha Bungwe licenjeze a m'midzi mwathu opita kumeneko pa zinthu zitatu. Coyamba, awerenge mau onse a pa tikiti, osati dzina la mudzi lokha. Caciwiri, dzulo lace la ulendo afunse ngati njanji iri yotsekedwa. Cacitatu, pofuna kusintha njira afunse wanchito wa pa siteshoni asanakwere, pakuti wofunsa ali pansi athandizidwa, koma wofunsa sitima itanyamuka ali kale pa mlandu.

Mau anga athera pomwepa.