Za Galimoto Yokana Kusintha Giya

Nkhani ya lero iri ya alimi a ku Mkaika ndi a m'midzi yonse ya Katete, Sinda ndi Vubwi amene ali ndi galimoto yosintha yokha magiya, imene amakaniko aicha otomatiki. Magalimoto otere acuruka m'midzi, makamaka aja ogwirako kale nchito ocokera ku Japan. Ndiwo anyamula nshawa, soya ndi cimanga kunka nazo ku msika, ndiponso odwala kunka nao ku cipatala ca St Francis.

Tsiku lina galimoto yotere iyamba kubvuta. Inyamuka molemera, pa mseu waukuru injini irira kwambiri koma giya sisintha, ndipo nyali ya cenjezo iyaka patsogolo pa woyendetsa. Pamenepo ambiri anena kuti giyabokisi yafa, nagulitsa matumba a nshawa, kapena ng'ombe imene, kuti agule yina. Koma kawirikawiri giyabokisi iri bwino. Colakwa ciri pa magetsi amene aiuza cocita.

M'kati mwa giyabokisi magiya asinthidwa ndi mafuta opopedwa mwamphamvu. Mafutawo adzera pa tizitseko totsegulidwa ndi magetsi, tochedwa masolenoidi. Wolamula tizitsekoto ndiye kompyuta yaing'ono, imene imva kwa masensa liwiro la galimoto, kuzungulira kwa injini, ndi malo amene ndodo ya giya yaikidwa. Uthenga wina ukasowa, kompyuta isiya galimoto m'giya imodzi, kawirikawiri yacitatu, kuti ikafike kwa makaniko isanaononge zina. Cifukwa cace mwini galimoto ayenera kufufuza zinthu zinai asanaturutse ndalama.

Coyamba ndi batire. Batire yabwino ionetsa mavolti 12.6 injini iri cete, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini irikulira. Mitu yace ikhale yomangika ndi yopanda zoyera zija zonga ufa, ndipo nthambo yonka ku citsulo ca galimoto isagwedezeke. Ena amazula nthambo ya batire injini irikulira, ati ayese ngati batire irikudzala. Kutero kungathe kutentha kompyuta.

Caciwiri ndi mafyuzi. Fyuzi yakupsa ilowedwe m'malo ndi yina ya nambala yomweyo. Kumangapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndiko kuitana moto. Yatsopano ikapsanso, ndiye kuti pena pace nthambo yasupuka nikhudza citsulo.

Cacitatu ndi nthambo ndi mapulagi a pa giyabokisi, ndipo apa ndipo pagona mabvuto ambiri a kumudzi. Galimoto yonyamula cimanga, yogona pafupi ndi nkhokwe, ikopa makoswe, ndipo makoswe atafuna nthambo. M'dzinja madzi ndi matope a m'madambo alowa m'mapulagi nasiyamo dzimbiri lobiriwira. M'malimwe miseu yokumbika igwedeza mapulagi kufikira atamasuka. Singano yoonetsa liwiro ikagona pa nthawi yomweyo imene giya yaleka kusintha, ayenera kukayikira sensa ya liwiro kapena nthambo yace. Injini ikakana kulira ndodo iri pa P, koma nilira iri pa N, bvuto kawirikawiri liri pa swichi youza kompyuta malo a ndodoyo.

Cacinai ndi kufunsa kompyuta yeniyeniyo, pakuti isunga nambala ya colakwa ciri conse. Makaniko alumikiza kacipangizo kace pa pulagi ya mabowo 16 pansi pa ciongolero. Njira imeneyi, yochedwa OBD-II, inakhala lamulo ku America m'caka ca 1996, ndipo yafalikira m'maiko ambiri. Nambala P0700 inena kuti pali colakwa m'magetsi olamula giyabokisi, P0720 iloza ku sensa ya liwiro, P0750 ku solenoidi yoyamba. Pa Toyota zakale nyali yolembedwa O/D OFF imaphethira ikapeza colakwa. Batire isazulidwe nambalazi zisanawerengedwe, cifukwa pa magalimoto ambiri akale zifafanizika.

Tsono nambala iloza njira imene magetsi asokonezeka. Sinena kuti cipangizo cafa. Makaniko wosamala ayamba wayesa nthambo ya njirayo ndi mita, pambuyo pace cipangizo. Solenoidi yosinthira giya ya Toyota zambiri zakale ionetsa ma-ohm 11 kufikira 15 ikakhala yamoyo. Mwini galimoto apemphe kuona nambala ndi muyeso ndi maso ace asanabvomere kugula kanthu.

Mafuta nao acitira umboni. Akakhala ofiira, oyera bwino ndi okwanira, pali ciyembekezo cakuti m'kati muli bwino. Akada bii ndi kununkha copserera, giyabokisi yabvulaladi, ndipo kukonza magetsi okha sikungaiciritse.

Potsiriza, galimoto ya otomatiki silira ndi kukankha, ndipo kuikoka ndi cingwe kucokera ku Katete kufikira ku Chipata kungathe kupha giyabokisi imene inali yamoyo, pakuti injini ikazima mafuta sayenda. Nkwabwino kuitana makaniko kumene galimoto yaima, kapena kuikweza pa lole. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mlimi amene adekha tsiku limodzi kufufuza batire, mafyuzi, nthambo ndi nambala angathe kupulumutsa ndalama za feteleza wa caka camawa.