Chandamale Chophulika ndi Moto wa M'chilimwe

 Lero tikambirana za mfuti ya mphepo ndi chandamale chophulika.

Mfuti ya mphepo ambiri tikuidziwa. Siithiridwa wonga monga gogodela wa makolo athu. Mpweya wopanikizika ndiwo umakankha kachipolopolo ka mtovu, kamene kukula kwake ndi mamilimita 4.5 kapena 5.5. Kumaiko a kunja, anthu ophunzira kulasa anatopa ndi chandamale cha pepala, ndipo anayamba kupanga china chimene chimalira, kung'anima ndi kutulutsa utsi chikalasidwa. Achinyamata athu akuziona zimenezi pa mafoni, ndipo ena akuzisirira.

Tamverani tsono pamene pagona ngozi. Chandamale chotchuka cha ku America, chotchedwa Tannerite, sichiphulika pokhapokha chitalasidwa ndi chipolopolo cha mfuti yaikulu chothamanga koposa. Kachipolopolo ka mfuti ya mphepo n'kofooka, sikangachiphulitse. Choncho mankhwala a m'chandamale cha mfuti ya mphepo amapangidwa oyaka msanga. Chinthu choyaka msanga chotere chingathenso kuyaka chikamenyedwa, chikapsinjika kapena chikayandikira moto.

Ngozi yachiwiri ndi moto wa m'tchire. M'mwezi wa April 2017, ku Arizona m'dziko la America, munthu wina analasa chandamale chophulika pa udzu wouma, pofuna kulengeza kwa abale ngati mwana amene ankayembekezera adzakhale wamwamuna kapena wamkazi. Moto umene unabuka unatentha malo okwana mahekitala pafupifupi 19,000, ndipo khoti linamulamula kulipira ndalama zoposa madola 8 miliyoni.

Taganizani za Kaseye m'mwezi wa September kapena October. Udzu wauma gwa, mphepo ikuomba, chimanga chili m'nkhokwe, nyumba zambiri n'zofolera ndi udzu. Cha kum'mawa kuli mapiri a Misuku ndi nkhalango zake za Mughese, Wilindi ndi Matipa, zimene zimasunga akasupe a mitsinje. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo sufunsa kuti tchirelo ndi la yani. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, musayese kupanga chandamale chotere panokha kunyumba, pakuti chimaphulikira m'manja mwa wochipangayo. Chachiwiri, musanagule kapena kulowetsa m'dziko muno chinthu chilichonse chophulika, kafunseni ku polisi, popeza dziko lathu lili ndi malamulo a mfuti ndi a zophulika. Chachitatu, amene waloledwa alase pa malo opalidwa bwino, opanda udzu, kumbuyo kwake kuli chulu kapena mulu wa dothi. Atalikire monga mwa malangizo a opanga, avale magalasi oteteza maso, ndipo ndowa ya madzi ikhale pafupi. Chandamale chikakana kuphulika asachithamangire.

Makolo, mfuti ya mphepo si chidole. Kachipolopolo kake kangathe kuboola diso la mwana, ndipo diso silimeranso. Wofuna kuphunzira kulasa ajambule kadontho pa katoni. Luso limene angapeze ndi lomwelo.