Mwanabele Wosaphwa: Mawu kwa Abale Ogwira Ntchito ku Cape Town

Ambiri mwa ife tikatupa mwanabele m'khosi kapena m'khwapa timangokhala chete poopa kufunsidwa mapepala kuchipatala. Chonde tamverani: Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa likuti aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo chachipatala. Mawu akuti aliyense akuphatikizapo inu ndi ine.

Mwanabele akatha masabata atatu osaphwa, pitani kukiliniki. Dokotala amalowetsa singano yopyapyala m'chotupacho n'kukoka timadzi ndi maselo ochepa. Sachita kukugonekani, ndipo zimangotenga mphindi zowerengeka. Timadzito amatiyeza ndi makina a GeneXpert pofufuza TB, ndipo maselowo amawaunika pa maikulosikopu.

Koma dziwani ichi. Khansa ya anabele, yotchedwa lymphoma, imafanana ndi TB: kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda. Singano yopyapyala ija nthawi zina siipeza, ndipo munthu amatha kumwa mankhwala a TB khansayo ikukula. Choncho mukayamba mankhwala koma chotupa osachepa, musadikire kuti miyezi 6 ithe. Osasiya mankhwalawo, koma bwererani mukapemphe kalata yopita ku Groote Schuur kapena ku Tygerberg, kumene amatenga kachidutswa ka mnofu n'kukayeza.

Musachoke musanafunse tsiku lodzamva zotsatira, ndipo sungani khadi lanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.