Tsiku Limene Don Fox Anaphonya

Tiyeni tipite ku Wembley, mumzinda wa London, chaka cha 1968. Leeds ndi Wakefield Trinity akulimbirana chikho cha Challenge Cup pa masewero a rugby league, ndime yotsiriza. Mvula inavumba, bwalo linasanduka dambo. Nthawi ikutha, Leeds ili ndi 11, Wakefield 10. Don Fox wa Wakefield akuti amenye mpira, golo ili pamaso pake penipeni. Ukangolowa, chikho n'chawo. Anaphonya!

Komatu tsiku limenelo amene anasankhidwa kuti wasewera bwino koposa onse anali Fox yemweyo. Nanga anthu amakumbukira chiyani? Kuphonyako basi. Mukundimva? Ifenso m'bale akapunthwa kamodzi, zabwino zake zonse timaiwala. Alipo amene munamutaya chifukwa cha tsiku limodzi? Lero lomwe, pitani mukamufune.