ZA DZINA LA SMITH NDI OSULA A KWATHU



Mau athu ali pa dzina limodzi la Cingerezi, ndilo Smith. Makolo athu analimva cifukwa ca Sir George Smith, amene anali Bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1913 kufikira 1923; ndipo abale amene anatsikira ku Harare kukafuna nchito analimva cifukwa ca Ian Smith, amene anapandukira Angerezi anzace m'caka ca 1965. Cotero ambiri amayesa kuti ndi dzina laufumu. Iai, tanthauzo lace ndilo wosula zitsulo, munthu wa nyundo ndi mvukuto.

Kale ku Mangalande munthu wamba anali nalo dzina limodzi lokha, monga John. A John atacuruka pamudzi, anthu anawasiyanitsa ndi nchito zao, nati uyu John wosula, uyo John wosoka. Pofika caka ca 1400 mabanja ambiri anali atayamba kupatsira ana maina amenewa ngati colowa, ndipo aoneka m'mabuku a msonkho a zaka za 1377 kufikira 1381. Inu Mafumu mudziwa kuti dzina likalowa m'kaundula wa msonkho silifa msanga. Mwana anakhala Smith ngakhale sanagwirepo nyundo; atate wa Ian Smith uja ankagulitsa nyama ku Selukwe. Momwemonso Taylor ndiye telala, ndi Clark ndiye kalaliki monga ife tomwe, amene zikhato zathu zinafewa ndi colembera. Koma Smith apambana maina onse a ku Mangalande pa kucuruka, popeza panalibe mudzi wokhoza kulima wopanda wosula.

Tsono tifunse: kodi osula a kwathu anapita kuti? Dziko lino la Kasungu linamveka ndi citsulo, makamaka kwa a Chulu, anansi athu. Iwo ankakumba miyala ya citsulo m'mbali mwa madambo, naocha makala, naumba ng'anjo zazitari zimene zinakoka mphepo zokha, popanda mvukuto, kupyolera m'mipope yadothi. Masiku onse akusungunula amuna anasala akazi ao, ndipo mwini ng'anjo anali nao mankhwala ace amene sanaulula kwa mlendo. M'menemo munacokera makasu, nkhwangwa ndi mikondo, ndipo khasu linali cuma cakusinthanitsa ndi zinthu zina. Makasu a m'sitolo atacuruka, moto wa ng'anjo unazilala ca m'ma 1930. M'zaka za m'ma 1980 munthu wophunzira, David Killick, anadza kudzafunsa nkhalamba zotsala za nchitoyi, nalemba zimene zinamuuza. Ng'anjo zina ziri ciimire m'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu kufikira lero.

Mfunda wathu unena za mtundu, sunena za nchito. Banda, Phiri kapena Mwale akuuzani abale a munthu, ndipo kale ankakuuzaninso kumene sayenera kukwatira. Ndi cinthu cabwino, sitifuna kucisintha ndi maina a Azungu. Koma cifukwa ca ici wosula sanasiye cizindikiro m'dzina la zidzukulu zace. Mngerezi wochedwa Smith akumbutsidwa za kholo lace tsiku liri lonse polemba kalata. Mnyamata wathu aunda mizere ya fodya pamwamba pa zotsala za ng'anjo ya agogo ace, nayesa kuti ndi miyala yacabe yakubunthitsa khasu.

Cifukwa cace tiika pempho ili pamaso pa msonkhano. Mfumu iri yonse ya m'dziko la Kaluluma ifunse akulu a m'mudzi mwace maina a osula akale, mifunda yao, ndi malo pamene panali ng'anjo zao. Ndipo pogawa minda ya fodya, malo amenewo asiyidwe osalima. Maina atumizidwe kwa Mlembi wa Bungwe mvula isanagwe, pakuti pamenepo anthu atanganidwa ndi kuoka fodya, ndipo ife tidzawalemba m'buku limodzi ndi kuwawerenga pa msonkhano ulinkudza.