Phalombe ndi Madzi Osefukira

Mbiri ya Phalombe iri ndi phunziro lalikulu kwa munthu aliyense womanga nyumba m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje.

M'mwezi wa Malichi, 1991, pamene derali lidali mbali ya boma la Mulanje, kudagwa mvula yamphamvu. Madzi, matope ndi miyala ikuluikulu zidatsika m'phiri la Michesi ndi kukokolola midzi ndi minda, ndipo anthu mazanamazana adataya miyoyo yao. Akuluakulu adati wadutsa Napolo. Chaka chomwecho Boma lidakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mabvutowa adabweranso mu Januwale, 2015, ndiponso mu Malichi, 2023, pamene namondwe wa Freddy adaononga nyumba, milatho ndi miseu.

Chifukwa chake nchosabisika. Phalombe iri pakati pa mapiri ndi chigwa cha nyanja ya Chilwa. Mitengo ikatha m'phiri, nthaka imakokoloka, mchenga umadzaza mitsinje, madzi ndi kusowa podzera.

Motero mafumu pamodzi ndi anthu ao ayenera kubzala mitengo, kuleka kulima m'mbali mwa mitsinje, ndi kusamuka msanga akachenjezedwa. Paja akulu adati madzi saiwala khwawa.