MIPIKISANO YA OLEMBA MABUKU: MAU KWA ANA A KU CHADIZA

Nkhani ya madzulo ano ndi ya anthu amene ali ndi zolemba zao m'masutukesi, osadziwa kumene angapite nazo. Otere alipo ambiri ku Migodi ndi m'makomboni a ku Lusaka, ndipo ena a iwo ndi ana a ku Chadiza, ocokera kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, amene anaphunzira nthano pabwalo asanadziwe kugwira pensulo. Dziko limenelo silinayambe dzulo kudziwa zilembo, pakuti Mishoni ya Adachi inatsegula malo ake pa Nsadzu m'caka ca 1908, patapita zaka zisanu ndi zinai cikhazikitsire Magwero. Komabe mabuku onena za moyo wa kumeneko, olembedwa ndi eni dziko, ngowerengeka.

Mabuku a Cinyanja amene anthu awachula lero anakula ndi mipikisano. Kabungwe ka ku London kochedwa International Institute of African Languages and Cultures kanaitana Aafrika kuti alembe m'zinenero zao, ndipo mphunzitsi wa pa Mishoni ya Nkhoma ku Nyasaland, Samuel Josiah Ntara, anatumiza mbiri yopeka ya munthu dzina lake Nthondo. Analandira mphotho. Bukulo linasindikizidwa m'Cinyanja mu 1933, ndipo caka cotsatira Mbusa T. Cullen Young analitulutsa m'Cingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Cimene cinagwira mtima oweruza sicinali mau apamwamba ai. Ntara anatenga munthu mmodzi wa kumudzi, namtsata kuyambira kubadwa kwake, ubwana wake wosamvera, ulendo wake wa ku nchito, kufikira atalowa unyakwawa. Kunalibe mfumu ya kunja kwa nyanja m'bukumo. Pambuyo pake munthu yemweyo analemba Mbiri ya Acewa.

Kuno kwao kwa omvera, Boma linakhazikitsa kabungwe koona za mabuku a Aafrika mu 1937, ndipo mu 1948 m'malo mwake munalowa ofesi ya Publications Bureau ku Lusaka, yogwirira maiko awiri, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Kacitidwe kake nkoyenera kukafotokoza, cifukwa ndiko kamene kasowa masiku ano. Mlembi ankatumiza zolemba zake pa positi. A mu ofesi ankaziwerenga, kuzikonza, ndi kuzipereka kwa osindikiza akuluakulu monga Macmillan ndi Longmans, amene paokha sakadalola kutaya ndalama pa buku la cinenero ca anthu akuda. Ofesiyo inkacititsanso mipikisano ya nkhani. Mwa njira imeneyi Stephen Mpashi anachuka m'Cibemba, ndipo a Cinyanja anapeza pogulira mabuku ao. Koma cabwino ciri conse ciri ndi mbali yake: popeza ogula ambiri anali masukulu, nkhani zimene zinkalandiridwa msanga zinali zolangiza ana, ndipo zonena za msonkho, za citupa kapena za kukwiya kwa anthu a m'migodi sizinkapeza khomo lotseguka.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nchitoyi inapita m'manja mwa Kenneth Kaunda Foundation ndi kampani yake ya NECZAM, imene m'zaka za m'ma 1990 inasanduka Zambia Educational Publishing House. M'nyengo yomweyo wailesi inatulutsa mlembi wa mtundu wina. Julius Chongo, m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo, ankasimba yekha nkhani zake, kusintha mau kuti akhale nkhalamba, mkazi kapena kalulu, kotero kuti anthu ankasiya nsima kukazungulira wailesi. Analembanso buku la Fumbi Khoboo! Dzina lake linaikidwa pa mphotho ya olemba m'Ngoma Awards a National Arts Council, ndipo mu 2006 anailandira Malama Katulwende cifukwa ca buku lake la Bitterness. Buku limenelo nla Cingerezi, ngakhale mwini dzina la mphothoyo anachukira Cinyanja.

Pamenepo mpamene pali bvuto la mlembi wa ku Chadiza. Mipikisano yokhala ndi ndalama zooneka pafupifupi yonse ifuna Cingerezi. Ana a Zambia sanacite manyazi m'menemo: Ellen Banda-Aaku anapambana Penguin Prize for African Writing mu 2010 ndi buku la Patchwork; Namwali Serpell analandira Caine Prize mu 2015, nagawana ndalamazo ndi anzake amene anapikisana naye; Mbozi Haimbe anapambana cigawo ca Afrika m'Commonwealth Short Story Prize mu 2019. M'dziko momwe muno munayambika Kalemba Short Story Prize, ya madola 1,000, imene woyamba kuilandira mu 2018 anali Mali Kambandu.

Mwa yonseyi, wa Commonwealth ndiwo uli ndi kakhomo ka munthu wolemba m'cinenero cake. Kulowa nkwaulere. Wolemba akhale wa zaka 18 kapena kuposa, nkhani ikhale yosasindikizidwapo, ya mau pakati pa 2,000 ndi 5,000, ndipo itumizidwa pa intaneti kuyambira pa 1 September kufikira pa 1 November. Wopambana m'cigawo ca Afrika alandira mapaundi 2,500, wopambana onse mapaundi 5,000. Ciswahili cilandiridwa monga ciri; Cinyanja ai. Koma lamulo lilola nkhani yomasuliridwa m'Cingerezi kucokera m'cinenero ciri conse. Cotero munthu angathe kulemba m'Cinyanja ca kwao, momwe miyambi imfikira yokha pakamwa, kenaka nkufuna mphunzitsi wodziwa Cingerezi kuti amasulire. Ndiyo njira imene Nthondo anayendera kukafika ku London. Coyenera kusamala ndico cakuti wolemba ndi womasulira apangane poyera, pa pepala, asanatumize. Mphotho siicedwa kudanitsa abale.

Ena atopa ndi kudikira, nayamba kusindikiza okha. Njirayi njololeka, ndipo makina a masiku ano aifewetsa, popeza munthu angathe kupangitsa mabuku makumi asanu okha m'malo mwa zikwi. Koma pali kusiyana pakati pa wofalitsa mabuku ndi mwini makina. Wofalitsa asankha buku, alikonza, alipira yekha ndi kuligulitsa, napatsa mlembi gawo lake. Mwini makina asindikiza cimene wapatsidwa, ndi zolakwa zomwe, nalandira ndalama zake; zotsala nza mwini buku. Munthu wa pa mgodi amene aika malipiro a miyezi iwiri pa mabuku mazana asanu ayenera kuyamba wadzifunsa kuti adzawagulitsa kuti. Ku Chadiza anthu agwira ndalama atagulitsa cimanga, nshawa ndi soya, ndipo ndalamazo ziri kale ndi eni ake, ndiwo feteleza ndi sukulu. Buku limene lifuna kulowa m'kalasi liyenera kubvomerezedwa ndi a Curriculum Development Centre ku Lusaka, ndipo lamulo la dziko lifunanso kuti buku liri lonse losindikizidwa m'Zambia lisiyidweko limodzi ku National Archives. Ambiri aiwala zimenezi, osadziwa kuti buku la kumeneko ndilo lidzatsala ena onse atadyedwa ndi ciswe.

Kunena za colemba, mwana wa ku Chadiza sasowa. Malire a Mozambique anadula pakati pa anthu a pfuko limodzi, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya m'dzikomo, m'zaka za m'ma 1980, othawa anaolokera m'midzi ya m'malire kudzagona kwa abale ao. Amene anaona zimenezo ndi maso akalamba tsopano. Palinso za cikamwini, za malume ndi mphwake pa nkhani ya colowa, za mnyamata amene anapita ku Luanshya nalonjeza kubwera dzinja likatha. Wodzisindikizira buku la Cinyanja akafuna msika wake, aupeza ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa mwezi wa August, pamene Acewa a Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba. Kucoka pa Boma la Chadiza ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwera, ndipo katoni ya mabuku ikwana pa njinga.